Khutu la Lusiya Woyera

A Pulofesa Squarcia adafika m'mudzi wathu wa Sorbaia Lachiwiri m'mawa, ndipo pomwe belu la masana linkalira n'kuti atatiuza kale kuti kwa zaka mazana asanu takhala tikugwada patsogolo pa chuma koma osadziwa. Chumacho chidali khutu.

Khutulo lidali la Lusiya Woyera, pa chithunzi cha pathabwa chimene chimakhala pa guwa la kumanzere m'tchalitchi mwathu. Pakati pali Amayi Maria atanyamula Mwana, pambali payima Lusiya nkhope itapenya cham'mbali, m'manja muli mbale, m'mbalemo muli maso ake awiri. Aliyense wa kuno amadziwa kuti chithunzichi chidachokera m'nyumba ya a Tarducci, banja la amisiri ojambula limene lidadzaza matchalitchi a m'mapiri muno ndi oyera mtima. Chomwe sichinkadziwika n'chakuti mwa a Tarducciwo adachijambula ndani, ndipo funso limeneli si lamasewera. Chimene adajambula bambo wa banjalo, Ansovino, amachitumizira galimoto ya alonda n'kukachiika mumzinda kuseri kwa galasi. Chimene adajambula ana ake awiri, Venanzio ndi Properzio, chimasiyidwa pomwe chili kuti chizimwa utsi wa makandulo.

Chovuta n'chakuti bambo ndi ana ankagwiritsa ntchito mapepala amodzimodzi. Ansovino ankajambula woyera mtima papepala lalikulu, n'kuboola ndi singano motsatira mizere yonse. Akafuna Lusiya ankangoyala pepalalo pathabwa, n'kumagunditsa kathumba ka fumbi la makala pamwamba pake, ndipo akachotsa pepala Lusiya ankatsala pathabwa m'timadontho takuda. Mkuluyu atamwalira mu 1512 anawo adalandira nyumba, munda wa mphesa ndi mapepala aja, ndipo kwa zaka makumi anayi sadaone chifukwa chovutikira kujambula chatsopano. Lusiya yemweyo, mbale yomweyo, mudzi ndi mudzi. Koma pepala linkangopereka mzere wa kunja kwa khutu, zam'kati mmisiri ankayenera kudzionera yekha. Ansovino ankaitana mayi aliyense wodutsa pamsewu n'kumupempha kuti akankhire tsitsi kumbuyo. Ana ake sankayang'ana munthu, ndipo makutu awo onse amaoneka ngati bowa.

Chithunzi chathucho chidali chitatsitsidwa kuti chitsukidwe, chifukwa mumzinda munkakonzedwa chionetsero cha ntchito za Ansovino ndipo a Pulofesa ndiwo ankasankha zolowa. Chidali chitagona pa tebulo la Fiorenza Paciaroni, kuseri kwa nyumba yophikira buledi. Fiorenza ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wosalankhulalankhula, amene wakhala akuchotsa mwaye ndi zitosi za ntchentche pankhope za oyera mtima kuyambira ali mtsikana. Ntchitoyi adaiphunzira kwa abambo ake, a Egisto, omwe maso adafa moti tsopano amangosiyanitsa zenera ndi khoma. Chikwangwani cha pakhomo chikadali ndi dzina la a Egisto okha. Wina atamufunsa Fiorenza chifukwa chake sadachisinthe, adangoti misomali yake idachita dzimbiri.

A Pulofesa adali munthu wamfupi wa mpango wofiira m'khosi, ndipo moyo wawo wonse adauthera pa a Tarducci. Adawerama pa Lusiya ndi galasi lokuza zinthu kwa nthawi yaitali, ndipo poweramuka m'maso mudali misozi. Adati khutu lotere ana aja sakadalikwanitsa ngakhale akadapatsidwa zaka zina makumi anayi. Ili lidali khutu la munthu amene adakhaladi pampando, magazi akuyenda, kunja kukutentha. Adaonetsa kufiira kwa m'mphepete momwe mukudutsa dzuwa, kenako kachipsera kakang'ono kumunsi, pomwe ndolo idang'amba mnofu n'kupola mokhota. Wojambula wamba akadabisa kachilema ngati kameneka, koma Ansovino sankanama. Adagamula kuti ndi dzanja la bambo, chaka cha 1505, kapena 1506 ngati wina akufuna kukangana.

Fiorenza adafunsa mwaulemu za chala. Nkhani ya chala nayo imadziwika kuno. Cha m'ma 1531 pepala la Lusiya lidang'ambika padzanja, anawo n'kulimata mothamanga, ndipo kuchokera pamenepo Lusiya aliyense wotuluka m'nyumba ya a Tarducci ali ndi kachala kakang'ono kofupika, ngati kodulidwa ndi mpeni. Wathuyu kachala kake n'kofupika. Amene adatulukira zimenezi, n'kutchuka nazo ali mnyamata, adali a Pulofesa omwewa.

"Chala n'chala, mayi," adatero a Pulofesa. "Mwina mkuluyo anasiya dzanja lisanathe, ana n'kudzalimaliza. Chala aliyense atha kuchiwononga, koma khutu silinama."

A Egisto adali pa mpando wawo wa pakhomo, ndodo pakati pa miyendo. Adakhosomola, n'kupempha kuti a Pulofesa abwereze zomwe adanena poyamba zija, poti iwo makutu nawonso adayamba kuvuta. A Pulofesa adabwereza mokondwa, n'kuwonjezera kuti m'chigawo chathu chonse cha Marche mulibe khutu lina loposa limeneli. A Egisto adagwedeza mutu nati iwonso akhala akuganiza choncho.

Alendo atapita kukadya, Fiorenza adatseka mawindo onse n'kuyatsa nyale yake yoyezera. Pansi pa nyale imeneyi vanishi wakale amawala mobiriwira, pomwe penti wopakidwa dzulodzulo amada. Chithunzi chonse chidawala, Maria, Mwana, mbale, maso. Khutu lokha lidali bii, ngati ntchentche mumkaka.

Adatsegula mawindo, adatenga galasi, n'kuyamba kuliyang'ana khutulo bwinobwino. Adakhala akulidutsa Lamlungu lililonse moyo wake wonse, lili m'mwamba mumdima, litadetsedwa ndi utsi. Tsopano lidali pafupi ndi mphuno yake, ndipo kachipsera kaja adakadziwa. Amene adakachititsa adali iye mwini.

Mayi ake, a Iolanda, adamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Nkhani yomwe abale ankaikonda pa maukwati idali yoti Fiorenza ali khanda, ali kubere, adagwira ndolo ya mayi ake n'kukoka, mnofu n'kung'ambika, magazi mpaka pa bulauzi. A Iolanda ankachita nacho manyazi chipseracho. Ankaphimba khutulo ndi tsitsi, ndipo pa zithunzi zawo zonse zomwe zili m'nyumba, kuyambira cha ubatizo wa mwana, palibe pomwe likuoneka. Fiorenza yekha ndiye ankaliona, Loweruka akamawathandiza kutsuka kumutu, ndipo ankaloledwa kulikhudza ndi chala kuti apepese.

Adakhala pansi pa mpando wa abambo ake, poti iwo adali atakwera kukagona masana. Mtima udamuwawa, ndipo utatha kuwawa udapsa. Adatsitsa kabuku ka a Egisto ka 1974, chaka chomwe denga la tchalitchi lidadontha n'kunyowetsa guwa la kumanzere. Patsamba la Lusiya padali mizere itatu yolembedwa ndi dzanja lawo lokongola: ndatsuka pang'ono, ndamata pomwe penti anatukuka, ndabweza. Za khutu padalibe.

Lachisanu kudabwera anthu a mumzinda ndi makina awo a ekisire, oona zomwe zili pansi pa penti. Zomwe makinawo aona amazitumiza kwa wotsuka chithunzi, chifukwa iye ndiye amalemba lipoti n'kusaina. Fiorenza adaziyang'ana yekha, chitseko chotseka. Pansi pa khutu la a Iolanda padali khutu lina, lathunthu kupatula kachigawo kakang'ono pamwamba pomwe madzi adadya. Lidali bowa.

Lamulo la ntchito yawo silivuta kumva. Pomwe penti wakale adathothokeratu sujambulapo zako, umangodzaza ndi timizere tating'ono kuti woyandikira aone kuti apa padakonzedwa. Ndipo ukapeza kuti wina adapaka zake pamwamba pa ntchito ya mwini chithunzi yomwe ikadalipo, umalemba mu lipoti, kenako umazichotsa. Adamuphunzitsa zimenezi ndi a Egisto omwewo. Akalemba zoona, abambo ake adzayaluka ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, ndipo khutu la mayi ake, lomwe silidali kwina kulikonse pansi pano, lidzafafanizidwa ndi dzanja lake lomwe. Akapanda kulemba, khutulo lidzakhala mpaka kale kuseri kwa galasi mumzinda, pansi pake pali bodza, pansi pa bodzalo pali dzina lake. Khoswe adali atakhala pamkhate.

Kunjaku ife tidali titayamba kale kuvina. Bambo mfumu, a Nazzareno, adalengeza za khutu pa Misa zonse ziwiri, ndipo adapachika chinsalu chachikulu pa khomo la tchalitchi cholembedwa dzina la Ansovino ndi chaka. Anthu omwe zaka zonsezi ankangodziwa Lusiya ngati malo osiyira ambulera adayamba kunena kuti iwo khutulo adaliona kalekale. Wophika buledi woyandikana ndi a Paciaroni adayamba kuphika mabisiketi ooneka ngati khutu, ndipo lililonse ankalitsina kumunsi ndi chikhadabo kuti pakhale kachipsera. Tsiku lina adamupatsa Fiorenza awiri papepala akadali otentha. Adalandira, adathokoza, n'kukawaika pazenera mpaka adauma gwa.

Sabata yathunthu Fiorenza adatsuka chilichonse kupatula khutu. Adatsuka mkanjo wa Maria, mapazi a Mwana, mbale, ndi maso onse awiri. Adalembanso lipoti lina la tsamba limodzi, lonena kuti chithunzi chili bwino ndipo palibe chachilendo, ndipo adaliwerenga kangapo n'kupeza kuti limamveka bwino kwambiri. Adaliika pansi pa chitini cha maburashi osasaina. A Pulofesa ankaimba foni m'mawa uliwonse, poti buku la chionetsero linkadikira iye. Bambo mfumu nawo ankadutsa masana, ati kudzaona woyera wathu, n'kumakumbutsa kuti a boma alonjeza chikwangwani cha Sorbaia pa msewu waukulu. A Egisto adali pa mpando wawo masiku onsewo, osanena kanthu kupatula kudandaula kuti mankhwala a masiku ano sanunkha ngati a kale.

Lachiwiri lotsatira nkhomaliro idali supu ya nyemba. Fiorenza adadikira mpaka abambo ake atanyika buledi womaliza.

"Ababa, khutu lija ndi la amayi."

A Egisto adapitiriza kutafuna. Adameza, adapukuta pakamwa.

"Zakutengera sabata yonse? Ine ndimayesa unaliona Lachiwiri lija, pomwe unatseka mawindo."

"Ndinaliona."

"Ndiye masiku onsewa umatsuka chiyani, mapazi?"

Nkhaniyo a Egisto adaifotokoza ngati akunena za nyengo. Madzi adangodya kachigawo ka pamwamba, kosaposa chikhadabo, ndipo iwo adali atakonza kale burashi kuti adzazepo timizere monga mwa lamulo. Koma adakhala akuyang'anizana ndi bowa uja masiku atatu, ndipo adawanyansa. Tsiku lachinayi a Iolanda adatsika ndi nkhomaliro, kunja kukutentha, mwana ali m'manja akuvuta. Adakhala pazenera, adaiwala, n'kukankhira tsitsi kumbuyo. A Egisto adangowauza kuti asagwedezeke. Pomwe chakudya chinkazizira n'kuti khutu litatha.

A Iolanda adadzazindikira chithunzi chitabwerera kale m'tchalitchi, ndipo sadawalankhule masiku asanu. Atayamba kulankhula adati mwamuna wanzeru amagulira mkazi wake ndolo zina, sapachika chilema chake pa guwa. Kuyambira pamenepo adasamukira ku benchi la kumanja, kuseri kwa chipilala, pomwe Lusiya saoneka, ndipo adakhala pamenepo mpaka imfa yawo. A Egisto adasamukira ku benchi la patsogolo pa Lusiya maliro atangotha. Ife tonse tinkati ndi mapemphero a maso, poti Lusiya ndiye woyera wa odwala maso, ndipo maso atayamba kufa tidawamvera chisoni kuti woyerayo sadawayankhe.

Fiorenza sakweza mawu, koma tsikulo wophika buledi adamumva kudutsa khoma. Adawauza abambo ake kuti kwa zaka makumi anayi ndi zinayi wakhala pambali pawo pa benchi limenelo, ali mwana akulira mayi ake chinunu, osadziwa kuti mayi akewo ali pamwamba pake pomwepo. Kunena kokha kudawalaka chiyani? A Egisto adamusiya kuti amalize. Kenako adati akadamuuza ali mwana akadamusenzetsa chinsinsi cha wakuba, ndipo atakula akadakhala mmisiri wodziwa chinthu koma osachilemba. Iwo adaona kuti wakuba mmodzi akwanira m'nyumba.

"Ndiye ndilembe chiyani?" adafunsa Fiorenza.

"Likanakhala khutu la mkazi wa munthu wina ukanalemba chiyani?"

Fiorenza adayang'ana m'mbale. "Lichotsedwe."

"Nanga ukundifunsiranji?"

"Ababa, kulibe kwina. Pa zithunzi zonse anaphimba."

"Ndikudziwa, mwanawe." Adafufuza patebulo ndi dzanja mpaka adapeza kapu. "Ndinalipaka pamwamba pa vanishi, ndi penti wosavuta. Lichoka ndi thonje, la pansilo osakhudzidwa. Kuba ndinaba, koma ntchito ndimaidziwa."

Adangopempha zinthu ziwiri. Choyamba, asalembe kuti dzanja losadziwika, monga amachitira ena pofuna kuchitira munthu chifundo, koma alembe dzina lonse, Egisto Settimio Paciaroni. Chachiwiri, mawu a Pulofesa aja onena za khutu loposa onse mu Marche alowe mu lipoti momwe adanenedwera, ndi tsiku lake lomwe. Fiorenza adaseka koyamba sabata imeneyo. Kenako adatenga mbale kukatsuka, ndipo mbale ziwiri zokha zidamutengera nthawi yaitali.

Lipoti lenilenilo lidali la masamba anayi. Chithunzi ndi cha ana a Ansovino, makamaka Properzio, poti bowa wake amapendekera kutsogolo pomwe wa Venanzio amaima chilili. Chaka sichingakhale chisanafike 1531, chifukwa cha chala, ndipo timadontho ta makala tomwe makina adaona pansi pa penti tikusonyeza pepala litang'ambika kale. Khutu ndi la 1974, la Egisto Settimio Paciaroni, ndipo lichotsedwe. Adawawerengera abambo ake lonse, ndime ya a Pulofesa kawiri, n'kusaina.

A Pulofesa adaimva nkhaniyi pa foni. Kenako adati iwo chala chija chidawakayikitsa kuyambira tsiku loyamba, ndipo n'zosangalatsa kuti zomwe adatulukira ali mnyamata zatsimikizikanso. Galimoto ya alonda sidabwere. Bambo mfumu adatsitsa chinsalu okha pa makwerero, ndipo kwa masabata awiri akakumana ndi Fiorenza pamsewu ankapeza kanthu kofunika kufufuza m'thumba. Kuyaluka komwe Fiorenza ankaopa kudabwera mwa mtundu wina. Amuna a pabwalo, osewera makhadi, adayamba kuitana abambo ake kuti a Ansovino, iwo n'kumavomera ndi kukweza ndodo. Mabisiketi adapitirira, poti anthu adali atawazolowera.

Ofesi yoyang'anira zinthu zakale idavomereza lipotilo pasanathe mwezi, ndipo Fiorenza adasankha Lachinayi m'mawa, dzuwa lili pazenera. Adayamba wajambula khutulo ndi kamera, pafupi ndi patali, monga mwa lamulo. Zithunzizo zidatuluka bwino, koma mwini wake ankadziwa kuti abambo ake sadzaziona, ndipo kwa iye lidangokhala khutu la papepala. A Egisto adatsika atavala jekete la Lamlungu. Adapita pa beseni n'kusamba m'manja kawiri ndi sopo.

M'nyumba imeneyo palibe adakhudzapo penti wa chithunzi ndi chala. Fiorenza adayesapo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero amakumbukira momwe mtengo wa burashi udamvekera pa zala zake. Adagwira dzanja la abambo ake n'kulitsitsa pathabwa.

"Apa?"

"M'munsi pang'ono. Apo."

Chala chidaima pa kachipsera.

"Thabwa basi," adatero a Egisto. "Palibe chomwe ndikumva."

Koma sadachichotse mpaka belu la teni litalira. Kenako adabwerera ku mpando wawo, ndodo pakati pa miyendo.

Fiorenza adakulunga thonje pa kamtengo, adanyika m'mankhwala, n'kuyambira pamwamba. Penti adachoka mosavuta monga adanenera abambo ake, ndipo zimenezi zidamupsetsa mtima, akadakonda akadakanirira. Thonje likafiira ankaliponya m'kabotolo, poti lamulo limati zochotsedwa zisungidwe pamodzi ndi lipoti. M'mphepete momwe munkadutsa dzuwa mudapita, m'kati mudapita, bowa wa Properzio n'kumatuluka, wathanzi, wopanda manyazi. A Egisto ankafunsa pafupipafupi kuti wafika pati, iye n'kumayankha osacheuka.

Kudatsala kansonga ka kumunsi, kokhala ndi chipsera, kosaposa nyemba. Fiorenza adanyika thonje lina, dzanja n'kuima m'malere. Adakhala choncho mpaka thonjelo lidauma. Adanyika lina, nalonso lidauma.

"Watha?"

"Kwatsala kumunsi."

A Egisto adatembenukira komwe kunkachokera mawu ake.

"Unaling'amba kale kamodzi, mayi wako anakukhululukira tsiku lomwelo. Ine ndi amene sanandikhululukire. Malizitsa."

Adamalizitsa. Misozi adaipukuta ndi phewa kuti isadonthere pa Lusiya, poti mchere umawononga vanishi. Tizidutswa ta thonje tidakwana khumi ndi tinayi. Adatseka kabotolo, adamatapo kapepala kolemba tsiku ndi dzina la chithunzi. Mabotolo otere amakhala pa shelefu ya pamwamba m'kabati, koma iye adakaika pa ya m'munsi, pambali pa chitini cha shuga, pomwe dzanja la abambo ake limafika m'mawa uliwonse.

"Likuoneka bwanji?" adafunsa a Egisto.

"Ngati bowa."

"Eya, ndi lomwelo."

Pomwe madzi adadya paja Fiorenza adadzazapo timizere tating'ono, towongoka, tooneka kwa aliyense woyandikira. Chithunzi chidabwerera pa guwa lake mu Novembala, pansi pake pali kakhadi katsopano kolembedwa kuti ana a Ansovino Tarducci, pambuyo pa 1531. Bambo mfumu adachidalitsa mwachidule. Ambulera zidabwerera pa malo ake.

Lamlungu loyamba Fiorenza adatsegula kabati kuti athire shuga mu khofi, ndipo pambali pa chitini, pomwe adaika kabotolo kaja, padalibe kanthu. Adatseka kabati. Adawathandiza abambo ake kuvala jekete, adawagwira mkono, n'kutsetsereka nawo pang'onopang'ono kupita ku Misa.

Atalowa adawakokera kumanzere monga mwa zaka zonsezi, koma a Egisto adakokera kumanja. Adawerenga mabenchi ndi ndodo mpaka adafika kuseri kwa chipilala. Adakhala pansi, n'kusendera pang'ono kuti pakati pa iwo ndi chipilalacho patsale malo a munthu. Thumba la jekete lidali lotukuka, dzanja lawo lili pamwamba pake. Amayi a benchi la kumbuyo adanong'onezana kuti mkuluyu wamukwiyira Lusiya chifukwa cha maso, ndipo akuti sakulakwa.

Fiorenza adakhala mbali inayo. Adali asanakhalepo pa benchi limeneli chimwalirire mayi ake, ndipo adapeza kuti pamenepo suona Lusiya, suona guwa, ngakhale wansembe sumuona, umangomva mawu. Adakankhira tsitsi kumbuyo n'kuyamba kumvetsera.